Nyumba Zatsogola, Msewu Watsalira: Za Mzuzu ndi Midzi Yozungulira

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akapitirira Jenda, nakwera mapiri a Viphya, nadutsa m'nkhalango ya Chikangawa momwe malo ambiri mwatsala zitsa zokhazokha, amauona mzinda wa Mzuzu asanaufike. Pakuti kuyambira cha ku Lusangazi, pamene makolo ankalima chimanga ndi chinangwa, malata ayamba kale kung'anima m'zitunda, ena pa nyumba zotha, ena pa nyumba zodikira mazenera, ndipo pakati pa nyumbazo pali milu ya njerwa, maziko omera udzu, ndi tinjira tokhotakhota timene ngakhale ngolo singadutsemo. Mlendo amati mzinda ukukula, ndipo sanama. Koma mwini mudzi, amene adziwa kumene madzi amalowera mvula ikagwa usiku wonse, amaonjezapo mawu akuti nyumba zatsogola, msewu watsalira.

Pakati pa mizinda ya dziko lino, Mzuzu ndiye chitsirizira. Pamene Blantyre anali kale ndi masitolo ndi tchalitchi cha njerwa, Zomba ali likulu la boma la atsamunda, amishoni a Livingstonia atakhazikika ku Ekwendeni kuyambira 1889, malo amene lero pali msika waukulu ndi mabanki anali nkhalango ndi madambo, ndi midzi yochepa yotalikirana. Chimene chinaitana anthu ndi munda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula esiteti ya mitengo ya tung, imene mafuta a njere zake ankapangira penti ndi vanishi, ndipo pozungulira esitetiyo panamera nyumba za antchito, masitolo ndi maofesi. Malonda a tung anazilala, koma anthu sanabwerere kwawo; pomwepo panakhazikika likulu la chigawo cha kumpoto, malowo anakhala manisipaliti mu 1980, ndipo mu 1985 anavekedwa ulemu wa mzinda.

Kalembera wa 1977 anapezamo anthu ngati 16,000. Wa 1998 anapeza pafupifupi 87,000, wa 2008 pafupifupi 134,000, ndipo wa 2018 anawerenga anthu 221,272. Ndiko kuti mwana amene anabadwira ku Chiputula m'chaka cha kalembera woyambayo, pofika zaka makumi anayi anali atauona mudzi wake utachulukana koposa ka 13, iye ali maso, asanamere ndi imvi zomwe. Zowakoka anthuwa si zobisika. Yunivesite ya Mzuzu inatsegula zitseko ku Luwinga mu 1999, ndipo aliyense wokhala ndi kamalo ku Luwinga kapena ku Area 1B anazindikira msanga kuti mdadada wa zipinda za lendi ubala koposa munda wa fodya. Chipatala chachikulu chinatsegulidwa mu 2000. Katundu wa ku Tanzania wolowera ku Songwe amatsikira pano, monga msika wa Taifa uchitira umboni. Anyamata a ku Mzimba amene akutuluka thukuta ku Joni, akatumiza ndalama, mawu oyamba ndi akuti mundigulire poloti. Ndipo mphunzitsi kapena kalaliki wa boma wa ku Rumphi, ku Chitipa kapena ku Karonga, amene wagwira ntchito moyo wake wonse kummwera, akapuma amafuna kukhala pafupi ndi kwawo, komanso pafupi ndi chipatala ndi banki. Onsewa afuna denga, ndipo palibe tchimo m'kufuna denga.

Vuto limayambira pa funso limene limaoneka lapafupi: kodi malo a mumzinda agawa ndani? M'mabuku, eni ake ndi atatu. Unduna wa za malo uli ndi gawo lake, kumene munthu amapatsidwa lizi. Bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi gawo lake. Ndipo khonsolo ya mzinda ili ndi lake. Koma kunja kwa mabuku kuli mwini wachinayi, amene mwina ndiye wagawa malo ochuluka koposa atatuwo pamodzi, ndiye mfumu ndi mabanja amene makolo awo ankalima minda imeneyi mzinda usanabadwe. Lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu isalamulire m'kati mwa malire a mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Komatu malire akafutukuka nameza mudzi, sameza chikumbukiro cha anthu ake, ndipo manda a agogo, mitengo ya mango imene anaoka, ndi mizere ya minda yakale zimakhalabe mboni zimene cholembera cha ku ofesi sichingafafanize.

Tiyeni titsatire munthu mmodzi, tinene kuti ndi mmisiri wa matabwa amene watopa ndi kulipira lendi ku Chibavi. Akapita ku ofesi kukafunsira poloti, amuuza kuti alembe fomu nadikire, ndipo kudikirako kulibe tsiku lotha. Mapoloti akatuluka, mtengo wake ndi wa anthu a malipiro a pamwezi, ndipo malamulo a kamangidwe afuna pulani yojambulidwa ndi katswiri ndi zipangizo zimene iye sangazifikire. Akapita kumalire a mzinda, ku Dunduzu kapena ku Nkhorongo, apeza bambo wogulitsa chigawo cha munda wake. Ayenda onse awiri ndi mboni, aponda malire ndi mapazi kuchokera pa chulu kufikira pa mtengo wa msuku, alemberana kalata pamaso pa amfumu, ndipo sabata lisanathe mmisiri uja wayamba kuumba njerwa. Ndani angamudzudzule? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma wogulitsayo, pofuna kuti munda wake ubale ndalama zambiri, sasiya danga la msewu, pakuti danga la msewu palibe amaligula. Mnansi wake achitanso chimodzimodzi. Ndipo zikatha zaka khumi, pamene panali minda isanu pali mabanja mazana awiri, opanda bwalo la sukulu, opanda malo a msika, opanda njira yoti ambulansi ifike pakhomo pa mayi wodwala pakati pa usiku. Bungwe la UN-Habitat, polemba za mzindawu mu 2011, linati anthu oposa theka akukhala m'malo otere, osayalidwa ndi pulani.

Ine ndinaperekezapo maliro kudera lina lotere, nyengo ya dzinja. Galimoto yonyamula bokosi inaima patali, ndipo anyamata analisenza pamapewa, kupyola pakati pa chimbudzi cha wina ndi khitchini ya wina, pena kulipendeketsa kuti likwane pakati pa mipanda iwiri. Palibe anadandaula, anthu anali atazolowera. Kuzolowera kumeneko ndiko kunandiopsa koposa matope.

Ndipo Mzuzu si malo ochitirapo masewera otere, pakuti nthaka yake ndi ya zitunda ndi zigwa, mvula yake ndi yochuluka ndi yochedwa kuleka, ndipo pakati pa zitundazo pali madambo amene kuyambira kale ntchito yawo inali kumwa madzi ndi kuwatsitsira pang'onopang'ono mu mtsinje wa Lunyangwa. Malo abwino atatha, osauka anatsikira m'madambo momwemo, ena nakwera m'mapiri otsetsereka monga ku Masasa, kumene munthu amasema phiri kuti apeze poyala maziko, nasiya khoma la dothi litaima pamwamba pa denga lake. Madzi saiwala khwawa. Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana, nthaka inakhuta, makoma a zidina anasungunuka, zitunda zinagumukira nyumba. Anthu 7 anataya miyoyo, ndipo ena pafupifupi 19,000 anasowa pokhala, ambiri nakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Dzina la dera la Mchengautuba m'Chitumbuka litanthauza mchenga woyera, ndipo wowerenga Malembo akumbukira yekha za munthu uja anamanga pa mchenga. Koma ine sindingayerekeze kutcha opusa anthu a ku Salisbury Line kapena a ku Masasa, pakuti sanasankhe dambo atakana thanthwe. Thanthwe linali ndi eni ake kale, ndipo mtengo wake sanaukwanitse. Boma litalankhula zowasamutsa, ambiri anafunsa funso limodzi, lakuti tipite kuti, ndipo kumeneko tikadya chiyani. Pakuti mayi wogulitsa tomato mumsika waukulu, ukamuika kutali kumene adzalipira kabaza kupita ndi kubwera, wamupulumutsa ku madzi numupereka ku njala.

Za madzi akumwa nazo n'zomangirira pomwepo. Damu la Lunyangwa, limene bungwe la Northern Region Water Board limatungamo, linamangidwa mzinda uli ndi anthu osafika theka la amene alipo lero, ndipo moyo wake uli m'nkhalango ya Kaning'ina, imene makala, nkhuni ndi nyumba zikuikukuta m'mphepete. Za damu lina pa mtsinje wa Lambilambi zakhala zikukambidwa kwa zaka zambiri. Komanso mzinda wonsewu ulibe mapaipi a suweji oulumikiza; olemera ali ndi mathanki awo pansi, osauka ali ndi zimbudzi zokumba, ndipo m'dambo, momwe madzi ali pafupi, chimbudzi ndi chitsime zimamwera m'chikho chimodzi. Njerwa zomwe zimangira nyumbazi zimaotchedwa ndi mitengo ya m'midzi yozungulira, ndipo nkhuti zotsala poumba zimasanduka zithaphwi za udzudzu. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, n'chifukwa chake mabuloko a simenti achuluka m'mbali mwa misewu. Koma uvuni wa munthu wamba ukufukabe.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi pulani, ndipo kuti khonsolo ingolemba akatswiri ajambule mapu. Mapu alipo, ndipo akhalapo kuyambira kale. Dziko lino linali ndi pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo ya dziko lonse mu 1987, ndi lamulo la mapulani a matauni mu 1988. Lilongwe anayalidwa papepala asanakhale likulu mu 1975, madera ake napatsidwa manambala, misewu yake nipatsidwa danga lokwanira. Koma Mtandire, Mgona ndi Chinsapo zinamera ndithu, chifukwa mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi wogulitsa makala, amene mzinda sungagone tsiku limodzi popanda iwo, sanapeze malo owakwanira m'mapu okongolawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulani imene iwerengera anthu a magalimoto okha, niiwala oyenda pansi, imabala yokha midzi imene pambuyo pake idzaitcha yosaloledwa.

Pali njira ina imene makolo athu a m'boma anaiyesa, imene ine ndiona kuti tinaitaya msanga. Ndiyo ya madera amene ankatchedwa THA, kumene boma silinkamanga nyumba ayi, koma linkayeza malo, kukhoma mabikoni, kulambula misewu ya fumbi, kuika mpopi wa onse, ndi kumuuza munthu kuti poloti yako ndi iyi, manga monga mwa mphamvu zako, lero zidina ndi udzu, mawa njerwa ndi malata. Malowa anali m'manja mwa Malawi Housing Corporation kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene anaperekedwa ku makhonsolo. Yendani m'mbali zakale za Chibavi kapena Zolozolo, mudzaona kuti ngakhale nyumba zapanikizana ndipo ngalande zatsekeka, misewu ilipo, yolunjika, yakuti tsiku limene ndalama ya phula kapena ya mapaipi idzapezeke sipadzafunika kugwetsa nyumba ya munthu. Chuma chonse cha maderawa ndi mizere imene wina anaijambula pansi kale, pamene panali tchire. Mizinda ina ya kutali inachita zomwezo: New York anayala misewu yake papepala mu 1811, pamene mbali yaikulu ya chilumba cha Manhattan inali minda ndi madambo; ndipo m'zaka zaposachedwa mizinda ya ku Ethiopia monga Hawassa ndi Bahir Dar yakhala ikupatula malo a misewu ikuluikulu m'minda ya kumalire anthu asanafikeko. Mmera mpoyamba. Kukhoma chikhomo m'munda wa chinangwa kulira chipukuta misozi cha chinangwa. Kudutsitsa msewu womwewo patapita zaka khumi ndi zisanu kulira chipukuta misozi cha nyumba makumi asanu, milandu ku khoti, ndi udani wa mibadwo.

Koma zikhomo zimenezi ziyenera kukhomedwa kumene khonsolo ya Mzuzu ilibe mphamvu, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mzinda isandukira nkhani ya chigawo chonse. Mzuzu wa mawa sali ku Katoto kapena ku Chimaliro. Ali m'minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita ngati 20 umene nyumba zikuutseka kuchokera mbali zonse ziwiri, ali ku Choma, ali ku Lusangazi, ali m'zitunda zotsikira ku Nkhata Bay. Malo ambiri otere ali pansi pa khonsolo ya M'mbelwa kapena ya Nkhata Bay, ndi pansi pa mafumu monga Inkosi Mtwalo ndi Inkosi Kampingo Sibande. Malamulo a malo a 2016 anatsegula khomo pa nkhani imeneyi: lamulo la mapulani linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo lamulo la malo a makolo linakhazikitsa makomiti a malo m'dera la gulupu aliyense, momwe amayi ayenera kukhalamo, ndi mwayi woti banja lilembetse munda wake. Malamulowa anautsa mkangano, mafumu ena a kumpoto poona ngati alandidwa ulemu wawo, ndipo anakonzedwanso mu 2022. Ine ndiona kuti mkanganowo unaphimba chinthu cha mtengo wapatali. Mfumu imene ikhala pansi ndi saveya minda isanagulitsidwe, nigwirizana ndi anthu ake kuti apa padzadutsa msewu, apa padzakhala sukulu, dambo ili ndi manda awa sizigulitsidwa, siitaya ufumu. Ndipo anthu ake sataya ndalama, pakuti poloti yoyang'ana kumsewu igulidwa mtengo woposa poloti yobisika kuseri kwa zimbudzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Mzuzu lakula koposa mutu wa khonsolo imodzi.

Mbali inanso ya nkhaniyi ndi matauni ang'onoang'ono. Mtsinje ukadzaza, wanzeru sayang'ana pa mlatho pokha. Amayang'ananso kumtunda kumene madzi achokera. Mnyamata wa ku Nthalire, wa ku Euthini kapena wa ku Usisya sabwera ku Mzuzu chifukwa chokonda chifunga chake. Abwera chifukwa kwawo kulibe magetsi odalirika oti aotcherere zitsulo, kulibe msika woti mbewu zake zigulidwe pa mtengo wabwino, ndipo msewu umaduka mvula ikayamba. Boma linayesapo kukweza malo a malonda akumidzi, monga Nthalire ndi Jenda, powamangira misika, madepoti ndi maholo. Ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aika kukula kwa matauni pakati pa nsanamira zake zitatu, pamene pulani ya mizinda yachiwiri yatchula malo asanu ndi atatu, Karonga ndi Nkhata Bay ali momwemo. Maganizowa ndi abwino, ngakhale sindikhulupirira kuti adzaletsa Mzuzu kukula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 16 okha mwa 100 alionse ndiwo akhala m'matauni, ndiko kuti ulendo wa kutauni wangoyamba kumene. Chimene ndiopa n'chakuti matenda a Mzuzu afika kale ku Jenda, ku Ekwendeni, ku Bolero ndi ku Chintheche, kumene masitolo amamangidwa mlomo uli pa phula, msika nusefukira mumsewu waukulu, ndi kuseri kwake nyumba zikuunjikana popanda njira. Kumeneko kuchiza n'kotchipa lero, pakuti minda ikadalipo.

Tsono amene amanga kale m'malo osayalidwa atani? Kugwetsa si yankho, kupatula pamene moyo uli pangozi yoonekeratu, m'khwawa lenileni kapena pansi pa phiri logumuka. Ndipo ngakhale pamenepo, malo osamukirako ayambe apezeka, apafupi, okhala ndi madzi. Kwina konse njira ndi yokambirana, nyumba ndi nyumba, kuti uyu abweze mpanda wake mapazi atatu, uyo alole ngalande idutse kuseri kwake. Magulu a amayi osunga ndalama pamodzi, a chitaganya cha anthu osauka a m'matauni ndi m'midzi chimene chimagwira ntchito ndi bungwe la CCODE, anasonyeza kale m'mizinda yathu, Mzuzu ali momwemo, kuti anthu wamba akhoza kuwerenga okha nyumba za m'dera lawo, kujambula mapu ake, ndi kumanga nyumba zotsika mtengo akapatsidwa malo. Iwo adziwa pamene madzi amadutsa koposa mlendo wobwera ndi chikwama cha mapepala m'chilimwe.

Sindibisa kuti njira ya mapoloti oyezedwa ili ndi mbala zake. Tonse taona malo ogawidwa m'dzina la osauka akugwera m'manja mwa anthu amene ali kale ndi nyumba zitatu, nakhala zaka ali tchire lozingidwa ndi mpanda, mwini wake akudikira kuti mtengo ukwere. Kumene kugawa kuchitikira m'chipinda chotseka, zotere sizilephera. Maina a opatsidwa malo akhomedwe poyera pa ofesi ya khonsolo ndi pa bwalo la mfumu, kuti aliyense awerenge. Ndipo poloti imene yakhala zaka zambiri osamangidwapo ibwezedwe, ipatsidwe kwa wina amene njerwa zake zili kale pa uvuni.

Kwa inu makhansala a Mzuzu, a M'mbelwa ndi a Nkhata Bay, ndi kwa inu mafumu athu, eni nthaka, pempho langa ndi laling'ono, losafuna ngongole ya kunja: chilimwe chikubwerachi, chimanga chikakololedwa ndipo minda ili poyera, tumani masaveya ndi makomiti a malo ayende pamodzi kuchokera ku Dunduzu kufikira ku Ekwendeni, akhome zikhomo za misewu, za sukulu ndi za madambo, ndipo m'mizere ya misewuyo muokemo mitengo kuti aliyense aione. Ndipo inu owerenga amene mwasunga kandalama ka poloti, musanapereke, funsani wogulitsayo akuonetseni pamene galimoto idzadutse pofika pakhomo panu, ndipo mukapiteko kukaona malowo mwezi wa Malichi, mvula ili pakati.